Moto Pamsana, Khanda M'nyumba

Msana wanga unayamba kuvuta nditagwira ntchito zaka zingapo panyumba yosamalirapo okalamba kuno ku London. Ntchito yathu ndi yodzutsa anthu, kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Makina onyamulira anthu alipo, ndipo amatiphunzitsa kuti tisamanyamule munthu ndi manja. Koma nkhalamba ikamatsetsereka pampando, sungayambe wathamangira makina. Umangoiwakha. Ndinawakha anthu ambiri, msana n'kumangosunga zonsezo osadandaula.

Poyamba unkawawa madzulo okha ndikaweruka. Kenako unayamba kundilawirira m'mawa ndisanatsike n'komwe pabedi. Ululu wake unali wakuya, wolemera, cha pamwamba pa chiuno, ngati wina wakusanjika thumba la chimanga n'kuiwala kulitsitsa. Amuna anga, omwe amayendetsa basi, anazolowera kundisisita ndi mankhwala opaka tikatha kudya. Iwo si munthu wa mawu ambiri. Kusisitako ndiko kunali kucheza kwathu: ine chafufumimba pakapeti ndikuwafotokozera za kuntchito, iwo atagwada pambali akungoti, "Eya. Eya. Ndiye anati chiyani?"

Dokotala wa m'dera lathu ku Woolwich ananditumiza ku chipatala cha oona za ululu, ndipo nditadikira miyezi yambiri anandiitana. Kumeneko dokotala wina anatenga chidole cha mafupa a msana n'kundilozera timfundo ting'onoting'ono tolumikiza fupa ndi linzake. Anati timeneto ndito tatha. Pali timitsempha tonyamula uthenga wa ululu kuchokera pamenepo kupita ku ubongo, ndipo timitsemphato akhoza kutiwotcha ndi singano yotentha kunsonga, uthengawo n'kusiya kufika. Koma asanatero, ankafuna kundibaya jekeseni wochititsa dzanzi pamalo omwewo, kuti aone ngati vuto lilidi pamenepo.

Tsiku la jekeseni woyeserayo sindidzaliiwala. Nditatuluka m'chipatala ndinatsikira kumsika, ndikuyenda ngati mtsikana. Ndinawerama kusankha mbatata, ndinaweramanso pa therere, n'kugula zinthu zomwe kunyumba zinalipo kale, pofuna kungowerama basi. Pofika madzulo mankhwala anali atatha mphamvu ndipo thumba langa la chimanga linabwerera pamalo pake. Komabe ndinali nditalawa. Atandifunsa ngati ndikuvomera kuti awotche mitsemphayo, sindinachedwe kuyankha.

Panalinso chifukwa china chimene ndinkafulumirira. Mwana wanga wamkazi anali woyembekezera, mimba yake yoyamba. Kwathu ku Ntcheu mwana wamkazi akachira, mayi ake ndiwo amasambitsa khanda, kuphikira nakubalayo ndi kubereka kamwanako kuti mayi wake agoneko. Amayi anga sanathe kundichitira zimenezi, chifukwa ine ndinaberekera kuno iwo ali kumudzi. Choncho ndinalumbira chamumtima kuti wanga sadzaona zimene ndinaona ine. Mchemwali wanga anali atanditumizira kale zitenje zatsopano. Ndinazichapa kuti zifewe, n'kuzipinda bwinobwino m'dirowa. Kuntchito ndinapempha tchuthi. Ndinawerengera kuti pamene mwana azibadwa, msana udzakhala utapola.

Kuwotchako sikunali koopsa monga limamvekera dzina lake. Anandigoneka chafufumimba, makina ounikira mafupa ali pamwamba panga, n'kundibaya wadzanzi. Dokotala ankandifunsa ngati ndikumva kunyerenyetsa, ndipo nthawi ina mnofu wa pamsana unayamba kudumphadumpha wokha. Nesi wina anandigwira dzanja mpaka anamaliza. Potuluka anandiuza kuti masiku oyambirira ululu ukhoza kuwonjezeka usanayambe kuchepa. Ndinamva, koma ndinamva ngati mmene timamvera zolengeza za m'sitima, khutu lili apo mtima uli kwina.

Patangopita masiku owerengeka, ndinadzuka ndikumva ngati wina wandithira phala lotentha kumanzere kwa msana. Ndinathamangira pagalasi n'kutembenuka. Panalibe chilichonse, kupatula timadontho pomwe panalowa singano. Khungu linali losalala, losatupa, koma linkayaka. Bulauzi ikakhudza, moto. Madzi a m'bafa, moto. Nsalu yofunda, chotsamira cha mpando, ngakhale kamphepo kolowa wina akatsegula chitseko, zonse zinali moto. Nthawi zina, ndili chiimire osachita kanthu, pankabwera kung'anima ngati magetsi kuchokera pamenepo kutsikira m'thako, mpaka kapu kugwa m'manja.

Madzulo a tsiku limenelo amuna anga anabwera ndi kabotolo kawo ka mankhwala opaka monga mwa masiku onse. Ndisanawafotokozere bwino, anali ataika kale dzanja.

"Musandikhudze!" ndinakuwa, n'kuwamenya padzanja.

Anaima atagwira kabotoloko, akundiyang'ana. M'banja lathu lonse ndinali ndisanawakalipirepo chotero.

"Pepani mayi," anatero. "Ndimayesa ndikuthandiza."

Anakabweza kabotolo m'kabati. Kuyambira tsiku limenelo, tikakumana m'kakhitchini kathu kopanikiza, ankandilambalala patali ngati mmene amalambalalira wapanjinga pamsewu. Ndinkadziwa kuti akuchita zimenezi pondikonda, komabe zinkandiwawa. Kucheza kwathu kwa madzulo kunathera pomwepo, chifukwa popanda kusisita kuja tonse sitinkadziwa poyambira.

Ndinaimba foni kuchipatala. Nesi amene anayankha anandifunsa mafunso ake mwadongosolo: kodi miyendo ikufooka, kodi mkodzo ndikutha kuugwira, kodi thupi likutentha, kodi pabalapo pakutuluka mafinya. Zonsezo ndinati ayi, kupatula za mkodzo zomwe zinali bwinobwino. Ndiye anati mtsempha wina wapafupi ndi khungu wakwiya ndi kutentha kuja, ndipo zimachitika kwa anthu ena. Zimatha zokha.

"Zimatha liti?" ndinafunsa.

"Ena masabata, ena miyezi. Sindingakulonjezeni tsiku."

Analankhula mwaulemu ndipo sananame. Koma nditaika foni pansi ndinakhala ndikulingalira liwu lija lakuti zimachitika. Inenso kuntchito ndimalinena, ndi mawu ofatsa omwewo, kwa ana a okalamba athu akamafunsa chifukwa chimene mayi awo asiyira kudya. Ndi liwu loona. Kungoti wolinena waona anthu ambiri, pomwe wolimva ali ndi thupi limodzi lokha.

Anandilembera mapiritsi a ululu wa mitsempha. Anathandizako, koma ankandichititsa ngati ndili m'nkhungu. Chodabwitsa n'chakuti Chingerezi ndicho chinayamba kundithawa. Ndinkaima m'sitolo nditaiwala dzina la chinthu chimene ndakhala ndikugula zaka zonsezi, m'mutu mukungobwera la Chichewa. Atandichepetsera mlingo wake mutu unayera pang'ono, moto n'kubwereranso pang'ono. Ndinaphunzira kukhala pakati pa ziwirizo.

Zina ndinazitulukira ndekha. Paketi ya nsawawa za mufiriji, yokulungidwa m'kathaulo kofewa, inkaziziritsa motowo kwa kanthawi ndikaiika m'mphepete mwa malowo, osati pakati. Zovala zanga zonse ndinazisiya, n'kumavala malaya akale a amuna anga, aakulu osakhudza thupi. Kugona kunali kwa chammbali, mbali imodzi yokha. Kukhala pasofa kunakanika, ndiye ndinkadya chiimire, kupemphera chiimire, kuonera wailesi yakanema chiimire. Nthawi yambiri ndinkaima pawindo zigongono zili pakhoma, kuyang'ana pansi pamsewu. Ndinadziwa nthawi yomwe mayi wa pasitolo ya ndiwo amatulutsa mabokosi ake, ndi bambo wina wokalamba yemwe ankakokedwa ndi galu wake tsiku lililonse. Takhala m'nyumba imeneyi zaka zambiri, koma anthu amenewa ndinali ndisanawaonepo.

Tchalitchi chathu chili ku Peckham, ndipo timasonkhana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Nditajomba milungu ingapo, amayi a chigwirizano anabwera kudzandizonda Lamulungu masana atatuluka m'mapemphero. Anadzaza pabalaza ndi zikwama ndi makontena a zakudya. Tinaimba nyimbo ziwiri, ine nditaima pakati. Kenako amayi otsogolera gululo anati, "Tiyeni timusanjike manja mlongo wathuyu pamene pakuwawapo."

Ndinafuna kukana, koma anali amayi aakulu kwa ine, anali atasintha mabasi kuti afike kwathu, ena akuchokera kuntchito ya usiku osagona. Ndikanawauza bwanji kuti manja awo sindikuwafuna? Ndinatsinzina n'kuluma mano.

Manja anatera pamsana onse pamodzi, otentha, olemera, ena akukanikiza motsatira mphamvu ya pemphero. Ndinakuwa, "Mayo ine! Mayo!" Ena atamva kukuwako anayesa kuti choipa chikutuluka, ndipo anakweza mawu n'kukanikiza kwambiri.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Chipata, wokonza m'maofesi m'tauni, wodziwika pagulu lathu ndi pakamwa posasunga mawu. Ine ndi iye sitinkagwirizana kwenikweni, chifukwa anandinenapo pagulu kuti ndimaimba mokokera. Anakankha anzake ndi chigongono, akukalipa m'Chinyanja cha kwawo.

"Imwe, chosani manja! Simuona kuti muntu amvela kubaba? Chosani!"

Amayi otsogolera aja anagwira pakamwa. Ine ndinagwira tebulo, misozi ili chuchuchu, manyazi atandigwira kuposa ululu.

"Pepani amayi," ndinatero. "Pemphero ndikulifuna. Koma khungu lake silifuna kukhudzidwa, ngakhale ndi nsalu."

"Nanga osanena bwanji, mwana wanga?" anafunsa otsogolerawo, nawonso misozi ili m'maso.

Mayi wa ku Chipata uja sanadikire kuti ndiyankhe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa, "Manje kambani. Ni pati pamene sipababa?"

Madokotala, manesi, amuna anga, aliyense ankandifunsa pamene pakuwawa. Pamene sipakuwawa ndinali ndisanapaganizirepo.

"Kuphazi," ndinatero.

Anavula nsapato zake, n'kukhala pansi pakapeti ndi yunifolomu yake yoyera ya chigwirizano, n'kugwira phazi langa ndi manja awiri. Wina anagwira phazi linalo, wina dzanja, otsogolera aja anaika dzanja pamutu panga. Anapemphera motsitsa mawu. Moto sunazime tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti unachepa. Koma iwo atapita ndinayamba kudziyendera ndekha m'maganizo: mapazi ali bwino, maondo ali bwino, mimba, mapewa, manja, zonse zili bwino. Malo oyakawo kukula kwake anali ngati chikhatho changa. Kachigawo kakang'ono chotero ndiko kankalamula munthu yense, kudya kwake, tulo take, nkhope imene ankaonetsa mwamuna wake. Kudziwa zimenezi sikunandichiritse, koma pa masiku oipa ndinkabwerera kukuwerenga ziwalo zanga zabwinozo, ndipo mtima unkatsikako.

Mwana anabadwa moto usanazime. Zinavuta, mpaka anachita kumung'amba mayi wake. Mkamwini wathu ataimba foni kuti onse ali bwino, mwana ndi wamkazi, ine ndi amuna anga tinakwera sitima kupita kuchipatala. M'sitimamo munthu wina anaimirira kundipatsa mpando. Ndinathokoza n'kukana. Anaumirira, ndinakananso, mpaka anakhala pansi nkhope itagwa ngati ndamunyoza. Ndinalakalaka kumufotokozera, koma nkhani yake inali yaitali kuposa ulendowo.

Mwana wanga ndinamupeza atagona, milomo itauma, akumwetulira mofooka. Anandipatsa khanda. Ndinalinyamula chiimire, ndikumva kafungo kake ka pamutu, koma posakhalitsa kulemera kwake kochepako kunayamba kukoka msana. Ndinalipereka kwa agogo ake aamuna msanga, ndikunamizira kuti nawonso alione.

Tchuthi cha mkamwini chitatha, tinagwirizana kuti mwana wanga ndi khandalo adzakhale kwathu kwa kanthawi, kuti asamatsale yekha masana. M'nyumba munakhala akazi awiri, wina wovulala kutsogolo, wina kumbuyo. Iye ankayenda chowerama atagwira pamimba, ine ndinkayenda chowongoka ngati msilikali poopa malaya. Kanthu kakagwa pansi, tinkangoyang'anana, n'kukasiya pomwepo mpaka bambo abwere.

Khandalo linali lolira. Dzuwa likangopendeka linkayamba, nkhope kufiira, timiyendo kukwinya, osalola bere, osalola kugonekedwa. Linkafuna kunyamulidwa ndi kuyendayenda nalo, ndipo ife awiri palibe amene akanatha kutero kwa nthawi yaitali. Ine ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikufunika. Mwana wotere umamuponya kumbuyo, kumanga chitenje, n'kumagwira ntchito zako, iye n'kugona ndi kutentha kwa msana wako. Mayi wake yemweyo ndinamulera choncho, ndikukolopa ndi kuphika m'kachipinda kamodzi komwe tinkachita lendi titangofika kuno. Zitenje zinali m'dirowa, zochapa, zopinda. Ndinkatsegula dirowayo n'kuitsekanso.

Tsiku lina masana ndinamumva mwana wanga akulankhula pafoni kuchipinda, motsitsa mawu. Ankalankhula ndi apongozi ake aakazi, omwe amakhala kutali kumpoto kwa dziko lino, kuwafunsa ngati angathe kubwera kudzathandiza ngakhale sabata imodzi. Ndinamva akunena m'Chingerezi kuti, "Amami akudwala kwambiri, ndipo sindikufuna aziona ngati alephera."

Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve. Akanandinena kuti ndine waulesi, bwenzi nditakwiya n'kuiwala. Koma ankanditeteza, ali ndi bala pamimba, pa nthawi imene ine ndinayenera kuteteza iye. Nditatuluka anandiyang'ana m'maso n'kudziwa kuti ndamva.

"Amami," anatero. Iye Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, kupatula akafuna kundinyengerera. Tsiku limenelo anayesetsa. "Musakhumudwe. Ine ndatopa chabe."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Aitane abwere. Mdzukulu ndi wawonso."

Apongoziwo anati sangathe kuchoka kuntchito mpaka mwezi wotsatira. Tinatsala momwemo.

Thandizo linachokera komwe sindinkayembekezera. Madzulo ena amuna anga analowa akuchokera kuntchito n'kupeza khanda likulira, mayi wake akulira, ine nditatsamira zigongono patebulo la kukhitchini nsawawa zili pambali. Anaika chikwama chawo pakhomo. Kenako anavula jekete, n'kukasamba m'manja.

"Mayi, zitenje zija munaika kuti?"

"Zili m'dirowa. Mukufuna mutani nazo?"

"Katengeni chimodzi. Muzindiuza mmene mumachitira."

Ndinayesa akuseka. Bambo amenewa anakulira m'banja limene mwamuna kungogwira chikho chotungira madzi ankamunena. Ana athu ankawanyamula paphewa, inde, koma chitenje anali asanachikhudzepo.

"Inu bambo, mukunena zoona?"

"Nanga pali msana wina wabwino m'nyumba muno?"

Ndinakatenga chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Ndinawauza kuti awerame, msana ukhale ngati tebulo. Mwana wanga anagoneka khandalo pakati pa mapewa awo, kamutu katatembenukira kumbali, dzanja lake lili pomwepo osachotsa. Ine ndinayala chitenje pamwamba.

"Cham'munsi chilowe pansi pa matako ake. Eya. Cham'mwamba chifike m'khosi, chigwire mutu, koma mphuno ikhale panja. Tsopano nsonga iyi idutse paphewa, inayo kukhwapa. Kokani."

"Ndimufinya."

"Simumufinya. Kokani ndithu, akamasuka ndiye agwa."

Anakoka, koma nsonga ziwirizo zinavuta kukumana pachifuwa, chifukwa zaka zokhala pachiwongolero zinawapatsa kamimba. Anapuma mokoka mpweya, n'kumanga mfundo yaing'ono ngati ya pathumba la mchere. Ataweramuka pang'onopang'ono, manja atatambasula ngati akuwoloka paulalo wa mtengo umodzi, tayi ya kuntchito ikulendewera pamwamba pa maluwa achikasu, mwana wanga anayamba kuseka. Anagwira pabala n'kumati, "Adadi, musandiseketse, zikuwawa!" Inenso ndinaseka, ndipo kuseka kulikonse kunkakhudzitsa malaya pamoto paja. Tonse awiri tinkaseka ndi kubuula nthawi imodzi.

Iwo sanaseke. Anayamba kuyenda m'kanjira ka pakati pa zipinda, kupita ndi kubwera, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo aakulu. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima n'kutha. Atabwerera pabalaza, khanda linali litagona, kukamwa kuli yasa.

"Musandijambule," anatero amuna anga, koma mwana wawo anali atajambula kale.

Chithunzicho chinafika kumudzi tsiku lomwelo. M'mawa mwake achimwene awo aakulu anaimba foni, ndipo ndinkamva kuseka kwawo ndili kukhitchini. Ankafunsa ngati ku Ulaya nakonso kumapezeka khuzumule, poti zikuoneka kuti mng'ono wawo adyetsedwa. Amuna anga anangoyankha kuti, "Achimwene, mwanayu akagona ndiye tonse tagona. Ngati muli ndi nzeru ina, kwerani ndege."

Anapempha kuntchito kuti aziyendetsa basi ya m'mawa, kuti dzuwa likamapendeka azikhala atafika. Kwa milungu yambiri imeneyo inali ntchito yawo. Anafika pomanga okha chitenje osafuna wowathandiza, ndipo ankatsuka mbale mwana ali kumbuyo.

Ndisabise, poyamba ndinkachita kansanje. Malo amenewo ndinali nditadzikonzera ine. Ndinkawayang'ana akuyendayenda n'kumaona tolakwika: mfundo yapendekeka, kaphazi katuluka. Tsiku lina ndinawadzudzula kambirimbiri mpaka anaima n'kunena kuti, "Mayi, mwana wagona. Chavuta n'chiyani?" Panalibe chovuta.

Pang'ono ndi pang'ono ndinapeza zimene ndikanatha. Sinki ya kukhitchini kwathu ndi yokwera bwino, moti munthu sawerama. Ndinaitsuka n'kuikamo kabeseni, ndipo kusambitsa mwana kunakhala kwanga. Mayi wake ankamubweretsa n'kumuika m'madzi, ine n'kumamusambitsa nditaima chowongoka, kumuwongola timanja ndi timiyendo, kumudzoza mafuta pathaulo. Mwana wanga ankaima pambali kuonerera, ndipo pamenepo m'pamene tinkacheza. Anandifunsa za kubadwa kwake, zimene anali asanafunsepo. Ndinamuuza za chipale chofewa chimene chinagwa sabata imeneyo, ndi mmene ndinkalirira posowa wondiuza ngati mchombo ukupola bwino. Anamvetsera osayang'ana pafoni.

Moto uja sunazime tsiku limodzi. Unkachepa, n'kubwerera, n'kuchepanso. Malo oyaka anayamba kufupika kuchokera m'mphepete. Panali masiku amene ndinkati basi zatha, mawa lake n'kudzuka ndikulira. Tsiku lenileni limene ndinazindikira kuti zasintha ndinali m'basi, ndikuchokera kukatenga mankhwala. Ndinali ndikuganiza za ndiwo za madzulo, ndipo nditayandikira potsikira ndinadzipeza nditakhala pampando, msana nditatsamiritsa, ulendo wonse. Ndinapitirira siteji yanga dala kuti ndikhalebe choncho.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali atabwerera kunyumba kwake, apongozi ake atafika. M'nyumba munali zii. Amuna anga ankandilambalalabe m'khitchini, poti ndinali ndisanawauze kuti asiye. Madzulo ena ndinawagwira dzanja n'kuliika ndekha pamalo paja, pamwamba pa malaya. Analiumitsa ngati agwira dzira.

"Pakuwawa?"

"Ayi. Pachita dzanzi. Ndikumva ngati mukukhudza munthu wina."

"Ndichotse?"

"Lisiyeni pomwepo."

Dzanzi limenelo lilipo mpaka lero, kadera kakang'ono kosamva bwino kutentha kapena kuzizira. Koma motowo utachoka ndinapeza kuti ululu wakale uja, wakuya, nawo unali utachepa kwambiri. Chimene dokotala anandilonjeza chinachitikadi, kungoti chinafika mochedwa, chitadzera njira imene sindinaiyembekezere. Anthu kutchalitchi amandifunsa ngati ndingawalangize abale awo kuti akawotchedwe mitsempha. Ndimawauza zonse ziwiri, za miyezi ya moto ndi za mpumulo umene unatsatira, ndi kuti ambiri amene ndinakumana nawo kuchipatala sanaone zimene ndinaona ine. Kenako ndimawauza kuti akafunse dokotala mafunso amene ine sindinafunse chifukwa cha changu.

Mdzukulu wanga sindinamuberekepo kumbuyo. Pamene khungu linkalola, iye anali atalemera, ndipo wondiphunzitsa mafizo olimbitsa msana anandiletsa. Tsopano akuyenda yekha ndipo safuna n'komwe kunyamulidwa. Ndikanena kuti sizindikhudza ndiye kuti ndanama. Pali zinthu zina zimene nthawi yake ikadutsa yadutsa, ndipo munthu umangophunzira kukhala nazo.

Kuntchito ndinabwerera, koma anandisintha. Tsopano ndimagawa mankhwala, kudyetsa amene sangathe kudya okha ndi kuphunzitsa atsopano kugwiritsa ntchito makina onyamulira. Dokotala anandichenjeza kuyambira pachiyambi kuti mitsempha yowotchedwayo imaphukanso, ndipo miyezi yapitayi ndayamba kumva kulemera kuja m'mawa, pang'ono chabe. Anandifunsa ngati ndingafune kuti adzabwerezenso. Ndinati andipatse nthawi. Sindinasankhebe, ndipo masiku ena ndimati inde, ena ayi.

Pakadali pano anandilembetsa mafizo a m'madzi, padziwe losambiramo la m'dera lathu. Ine kusambira sindidziwa, kwathu kumapiri kunalibe kophunzirira. Tsiku loyamba ndinaima m'mphepete nditavala kabudula ndi sikipa, ndikuyang'ana madziwo ngati ng'ombe yokana dibi. Gulu lathu ndi la anthu a misana, mawondo ndi ziuno, ambiri achikulire kuposa ine. Mayi wina wachizungu woyenda ndi ndodo anandiitana ndi dzanja ali m'madzi, n'kunena kuti nayenso ankaopa. Ndinatsika makwerero nditagwiritsa chitsulo.

Madziwo ndi ofunda, amafika m'chifuwa. Timayenda kuchoka mbali ina kupita ina, kukweza maondo, kutembenuza chiuno, mphunzitsi akuwerengera ali kumtunda. Sabata yatha anatiuza kuti tigone chagada pamadzi, atatiikira chothandiza kuyandama pansi pa khosi. Anzanga onse anagona. Ine ndinayesa kawiri, mapazi akukana kuchoka pansi. Kachitatu anachoka, ndipo ndinaona denga la nyumbayo likuyenda pang'onopang'ono pamwamba panga, mpaka ndinagunda mutu pa mayi wa ndodo uja, tonse n'kumwa madzi.